Ngwee Imene Amai Anaitsuka

Ndikukumbukila ku Kacholola, m'mbali mwa mseu waukulu, kumene atate ankagulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi. Ndinali m'giledi seveni pamene dalaivala wina wa lole, a Mwanza, anawauza kuti ku Lusaka kuli anthu ogula ndalama zakale zachitsulo, makamaka zimene makina analakwitsa pozisula. Kuyambila tsiku limenelo mtendele unatha pakhomo pathu.

Atate anakhuthulila pamphasa chitini chodzaza ma ngwee akale amene sankagulanso ngakhale switi. Ndikangoweluka kusukulu ankandipatsa galasi limodzi la mandala othyoka, kuti ndiziunika imodzi imodzi. Maso ankawawa, zala zinkanunkha chitsulo, msana osanena. Zinkanditopetsa koopsa, koma ndikanatani? Anali ataneneratu kuti ndikakhoza mayeso, sukulu yogonela komweko ku Petauke idzachokela m'chitinimo, chifukwa nthochi sizikanakwanitsa.

Ndine ndinaipeza. Kanali kakhobidi kakuda bii, kokhala ndi mbalame, koma mlomo wa mbalameyo unkaoneka kawili, ngati chidindo chimene chatelela papepala. Zilembo za m'mphepete nazonso zinali ndi mthunzi. Atate anayang'ana nthawi yaitali. A Mwanza atabwela anati wogulayo safuna nkhani zapakamwa, ayambe waona chithunzi.

Tsono kwathu munthu sajambulitsa ali wakuda. Amasamba, nadzola mafuta, nabweleka nsapato ngati alibe. M'mawa wa ulendo wathu wopita kwa wojambula ku Petauke, atate ali kubafa, amai anatenga khobidi lija n'kulikwecha ndi phulusa, ndimu ndi kamchenga, monga amachitila ndi mapoto. Linawala mbee. Atate potuluka anaombela m'manja, nati tsopano likuoneka ngati chinthu cha mtengo wapatali. Tonse tinakondwa, ine ndemwe.

Wojambula wa ku Petauke anazolowela maukwati, ndiye kakhobidi kanamuzunza. Akayandikila, zonse zinkasokonekela m'kamela. Akawalitsa getsi lake, ankati patuluka chigamba choyela basi. Pomaliza anakaika pansalu yakuda pansi pa mtengo wa mango, n'kugona chafufumimba m'fumbi, anthu a pamsika akutiseka. Ine njala inali itandipha, miyendo itauma ndi kuima.

Chithunzi chinapita ndi a Mwanza. Tinadikila mpaka mvula inagwa, mayeso ndinalemba, ndinakhozanso. A Mwanza atabwela sanatsike n'komwe m'lole. Anati wogula uja waona kuti makina analakwitsadi, koma khobidi lakalikakalika paliponse, ndipo kuda kuja ndi kumene iwo amafuna.

“Akuti mukanalisiya lakuda, akanagula,” anatelo a Mwanza.

Amai anakhala pansi pomwepo pafumbi. Anafunsa motsitsa mawu, osayang'ana munthu aliyense: “Nanga ndikanalola kuti likajambulidwe ndi litsilo?”

Atate sanawakalipile, ndipo ndi zimene zinandiwawa kwambili. Ananyamula mkoko wa nthochi n'kuthamangila basi imene inali kuima.

Masiku ano mwana wanga amajambula ngakhale mwendo wa nyelele ndi foni, ndipo akafunsa foniyo imamuuza nthawi yomweyo kuti ndalama yakale satsuka. Ife panalibe wotiuza. Ndakalamba nazo, ndatopa nazonso kuziganizila, koma sukulu ya ku Petauke ija mpaka lelo ndimangoionela pawindo la basi.