Nkhanu za alamu anga ku Chinde

Ndinanyamuka pa dooko la Nsanje Lolemba m'mawa, madzi a Shire atadzaza. Amayi anali atadwala, ndipo anandituma ku Chinde kukatenga achimwene anga a Fulaide, amene anapita kukagwira ntchito m'mabwato zaka zisanu zapitazo n'kukwatira komweko. "Mkazi wa kunyanja uja wawadyetsa mankhwala," anatero amayi. "Iwe usakalawe kanthu m'nyumba mwake."

Kapitawo wa sitima ya pamadzi anati ndisankhe: kulipira mashilingi anayi kapena kusenza nkhuni. Ndinasankha nkhuni. Apaulendofe tinkakhala pa baji, chibwato cha katundu chomangidwa m'mbali mwa sitimayo, pamwamba pa mabelo a thonje, tikudya mbatata zootcha. Lachitatu tinalowa mu Zembezi, mtsinje woti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati nyerere.

Loweruka dzuwa lili pamutu tinafika ku Chinde. Ndinadabwa kuona mtsinje ukubwerera kumtunda. Ndinatapa madzi kuti ndimwe, ndipo ndinalavula. Msodzi wina anaseka: "Mlendo, ndiwo zathu zimabwera zothira kale mchere!" Ndiye anandilozera kwa achimwene.

Alamu anga, a Marizani, anayala mphasa pansi pa mgwalangwa. Anabweretsa mpunga wophikira kokonati, nkhanu zazikulu ngati chikhatho, ndi tinyama tina tofiira, tandevu zazitali.

"Ndi dzombe la m'madzi ili," anatero achimwene. "Menya, udye."

Ndinakumbukira mawu a amayi, koma fungo la tsabola ndi ndimu linandigonjetsa. Nkhanu inandikanika mpaka alamu anandiswera ndi mwala, n'kundionetsa pobisala mnofu. Unali woyera, wotsekemera kuposa nsomba za mphuta za kwathu. Ndinapukuta mbale.

"Takhuta, alamu," ndinathokoza m'Chisena, ngakhale mimba inkafunabe.

Kenako ndinanena za matenda a amayi. Achimwene anaweramitsa mutu.

"Ndikapita, sakandilola kubwerera," anatero.

Alamu anaimirira, nayamba kumanga nsomba zouma m'chikwatu. "Mwamuna wokana amake adzandikana inenso. Mupita, ndipo ndipita nanu, akandione okha."

Tinakwera atatu sitima ya Lachiwiri. Amayi tinawapeza ali moyo, ndipo msuzi woyamba umene anamwa atakana chakudya kwa masiku ambiri anaphika ndi a Marizani. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuweruza munthu ndisanakhale naye pa mphasa imodzi.