Lamlungu M'galimoto ya Mwana Wanga

Mwana wanga wamwamuna atagula galimoto ija ndinatha masabata awiri osamuyankhula bwinobwino. Anali ndi zaka makumi atatu komanso ntchito yabwino ya makompyuta, koma ankagonabe m'chipinda chake cha ubwana m'fulati yathu ku Thamesmead. Ine ndinkadziwa kuti akusunga ndalama zogulira nyumba. Loweruka lina masana ndinangomva mawindo akunjenjemera. Nditasuzumira pansi ndinaona chigalimoto chakuda cha ku America, chamutu wautali, cha zitseko ziwiri zokha, iye ataima pambali pake akundikodola.

Atanditchulira mtengo wake ndinakhala pansi. Ndinamuuza kuti bambo ake akanakhala moyo akanamubweza nayo tsiku lomwelo. Ndinamufunsanso kuti liwiro lonselo akathamangira kuti, poti misewu ya kuno ndi makamera ndi mahampu okhaokha. Anangoseka n'kundiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Chichewa ankamva, koma kuyankhula analeka ali ku pulayimale.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba ku Croydon. Lamlungu mabasi amavuta, ndiye m'mawa wina mvula ikugwa anati andiperekeze. Ndinakana, kenako nditayang'ana nthawi ndinatenga jekete. Kulowamo inali ntchito, mpando uli pansi ngati mphasa, mawondo anga akudandaula. Ataliza injini ndinaimva m'chifuwa. Tinayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa basi, chilombo chonsecho chikungobuula, anthu apanjinga akutipitirira.

Titaima pa maloboti anatsitsa wailesi. Osandiyang'ana anati, "Amayi, adadi ankayendetsa galimoto yanji kumudzi?"

Chinali Chichewa chokhotakhota, komabe Chichewa. Ndinamuuza za lole ya fodya imene bambo ake ankayendetsa kuchokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe, ndi mmene ankadzera dala pa sukulu pomwe ndinkaphunzitsa n'kuliza hutala mpaka ahedi kutuluka mu ofesi. Anaseka mpaka anaiwala kuti maloboti asintha.

Kuyambira pamenepo ankandinyamula Lamlungu lililonse. Kunyumba sitinkacheza kwenikweni, iye pa foni, ine ndi kutopa kwanga. Koma m'galimotomo, tonse maso ali kutsogolo, mafunso ankangotuluka okha. Anafunsa chimene chinatichotsa kwathu, azakhali ake kuti alipo angati, ndiponso ngati bambo ake anavutika masiku awo omaliza. Akaphonya mawu ndinkamukonza, iye n'kubwereza. Tsiku lina anandiuza za mtsikana wa ku Zambia, namwino wokhala ku Barking, ndipo anandipempha kuti ndimuphunzitse kupereka moni kwa apongozi. Tinayeserera njira yonse.

Anzanga kuntchito ankandiseka kuti ndimafika ngati nduna. Agogo ena achizungu, amene sankakumbuka ngakhale dzina la mwana wawo, ankandiuza kuti ndiwakankhire pa windo pa njinga yawo ya olumala kuti aimve galimotoyo ikamachoka.

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Mwana wanga atakwatira, mkazi wake n'kukhala woyembekezera, anapeza kuti mpando wa khanda sukulowa bwino kumbuyo. Galimotoyo anaigulitsa motchipa kwambiri moti mtengo wake sanafune kundiuza. Kenako anasamukira ku Leeds komwe nyumba n'zotchipirako, ndipo pano ali ndi galimoto wamba ya banja.

Mlamu wanga amanenabe kuti mwanayo anataya ndalama m'madzi, kuti nyumba akanagula kalekale. Sindimutsutsa, chifukwa ndi zomwe ndinkanena inenso. Kungoti sindidziwa mmene ndingamufotokozere kuti mwana amene ndinabereka ndekha ndinamudziwira m'chigalimoto chimenecho.

Mwezi wamawa ndikupita ku Leeds pa sitima kukaona mdzukulu. Mwana wanga wati adzandichingamira yekha, mkazi wake adzatsala ndi khanda. Ndamufunsa kale kuti kuchokera pa siteshoni kukafika kwawo ndi mtunda wautali bwanji. Akuti mphindi khumi zokha.