Ndinayanika Zimbale za Achimwene Padzuwa

Ndinalakwira anthu awiri amene sanandichimwirepo kanthu, ndipo ndinakhala chete zaka zitatu. Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula. M'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo za mumtima mwanga ndimauza kabuku kamene ndimalembamo tsiku ndi tsiku. Koma nkhani iyi ndaganiza zoitulutsa poyera, kuti mwina mtsikana wina wamanyazi ngati ine asadzachite zimene ndinachita.

Kwathu ndi m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Achimwene anga, a Benedito, anapita kukagwira ntchito ku Joni ine ndidakali wamng'ono. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi malata. Iwo anabwera ndi magumbagumba awiri, masipika aatali ngati ine, ndi bokosi lodzaza zimbale za nyimbo. Bambo, amene amaphunzitsa katekisimu kutchalitchi kwathu, anayang'ana katunduyo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati munali kanthu kofunda m'menemo, poti Juni anali pafupi.

Nyimbo zake zinali zachilendo. Achimwene ankati ndi za hausi. Ng'oma yake inkagunda mosapumira, mawu ochepa, mwina mzimayi kubwereza mzere umodzi basi. Bambo ankati zikumveka ngati chigayo cha dizilo. Koma luso la achimwene linali pa kulumikiza. Chimbale china chisanathe, ankakhala ataika kale singano pa chinzake, khutu limodzi ataliphimba ndi chomvetsera, chala chikukankha chimbalecho pang'onopang'ono mpaka ng'oma ziwirizo zigundire pamodzi. Ovina sankadziwa pamene nyimbo yathera ndi pamene ina yayambira, choncho palibe ankapeza mpata wokhala pansi.

Ntchitoyi sankaigwira okha. Anali ndi mnzawo wa paubwana, a Lusiyano. Achimwene anali ofatsa ngati ine, koma a Lusiyano anali ndi pakamwa. Ndiwo ankapempha holo, kukatenga kalata ya chilolezo, kutchajitsa mabatire, ndi kunyamula katundu yense pa ngolo ya bambo awo. Ine ankanditcha alembi, chifukwa ndinali ndi zolemba zooneka bwino, ndipo zikwangwani zonse zoitanira anthu ndinkalemba ndine pa makatoni. Iwo ankakazikhoma pa mitengo ya pamsika wa Linthipe.

Masiku amenewo ndimawasowa. Disko inkayamba Loweruka masana n'kutha dzuwa likamalowa, monga kalata inkanenera. Atsikana ankabwera ndi madiresi opitirira mawondo, miyendo itapakidwa mafuta, anyamata atameta bwino kuopa kubwezedwa pakhomo. Fungo la fumbi ndi la mbatata yokazinga linkadzaza m'holomo. Amayi ogulitsa kabichi panja ankagwedeza mapewa ali pa mabenchi awo, kwinaku akunena kuti ana a masiku ano apenga. Ine sindinavinepo ngakhale kamodzi. Ndinkakhala kuseri kwa sipika, kumamva ng'oma ija ikugunda m'chifuwa mwanga, ndikuyang'ana achimwene. Munthu amene kunyumba ankayankhula ngati akupepesa, pamenepo ankaoneka wamtali. Akandiona ankandikodola ndi nsidze, ndipo zimenezo zinkandikwanira sabata yonse.

Mbiri yawo inafika patali. Mwezi wa Okutobala, ine ndili Fomu 1, a Lusiyano anabwera akuseka okhaokha. Anali atapeza holo yaikulu ku Dedza boma, ndipo mwini malo ena ovinira a ku Lilongwe anali atalonjeza kubwera kudzamva achimwene. Akanawakonda, akanawatenga kuti azikaimba kumzinda. Sabata imeneyo achimwene sankadya bwino. Ndinawamva akudandaula kuti fumbi la m'misewu lalowa m'zimbale, zayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto.

Lachinayi a Lusiyano anabweretsa bokosi lija kuchokera kwawo, kumene linagona chichokereni ku disko yapitayo. Lachisanu achimwene analawirira kupita kuboma kukaona holo. Ife kusukulu anatiweruka msanga. Bambo anali kutchalitchi, mayi kudimba. Ndinayang'ana bokosilo ndipo ndinaganiza zowachitira achimwene chinthu chabwino iwo asakudziwa.

Ndinasankha zimbale za kutsogolo, zimene ankazikonda kwambiri, za hausi zokhazokha. Ndinazitsuka chimodzichimodzi ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera, mosamala kuti pepala lapakati lisanyowe. Kuti ziume msanga, ndinaziyala pa lata limene mayi ankayanikapo masamba kuseri kwa khitchini. Kenako ndinapita kukatola nkhuni, mtima uli mbee.

Inu owerenga, dzuwa la Okutobala mumalidziwa, ngakhale kuno kumapiri. Nditabwerera ndinapeza zimbale zija zitapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma. Ndinayesa kuziwongola ndi manja, ndinazitsindika ndi mtondo, koma ayi. Ndinalira pang'ono. Kenako ndinazibwezera m'mapepala ake, n'kuziika m'bokosi monga zinalili, n'kutseka. Kunyumba kunalibe batire, choncho achimwene sakanaziyesa. Atabwera madzulo anandifunsa ngati ndamaliza chikwangwani cha pakhomo. Ndinati eya. Za zimbale zija ndinabisa.

Loweruka holo inadzaza. Bambo wa ku Lilongwe uja anakhala pampando kutsogolo, atavala suti yotuwa. Achimwene anatulutsa chimbale choyamba, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anachiika komabe. Singano inakwera, inatsika, inadumpha. Anatulutsa chachiwiri, chachitatu, chimodzimodzi. Anthu anayamba kuimba mluzu. Wina kumbuyo anakuwa kuti chigayo chathyoka lamba, holo yonse n'kuseka. Achimwene anayesa kupulumutsa tsikulo ndi zimbale zotsala za rumba yakale, koma kulumikiza kuja kunakanika. Mlendo uja anadzuka, anawagwira chanza a Lusiyano mwaulemu, n'kutuluka.

Panja, akukweza katundu, achimwene anatembenukira mnzawo.

“Lusiyano, bokosi ili unalisiya pati Lachinayi lija?”

“Pa ngolo, Bene. Ndinangoima pang'ono pa Linthipe.”

“Pang'ono pako ndimapadziwa. Unali pa bawo, zimbale zanga zikupsa.”

“Ndinaliphimba ndi chiguduli, mwana wa amayi. Ndikukumbuka kuti ndinaliphimba.”

“Ukukumbuka kapena ukuganiza?”

Ine ndinali pomwepo, nditanyamula chingwe cha sipika. Zinangofunika mawu awiri: ndine, achimwene. Koma ndinaopa kuti sadzandikodolanso ndi nsidze. Ndinaweramitsa mutu n'kupitiriza kukulunga chingwe.

Kuchokera tsiku limenelo anthu awiriwo sanayenderenso limodzi. Zimbale za mtundu umenewo kuno sizinkapezeka, ndipo njira ya ku Joni inali itatsekeka kwa ofuna ntchito. Popanda a Lusiyano, achimwene sakanatha kupempha holo ngakhale kwa ahedi a sukulu yathu yomwe. Anayesa kawiri, kenako anagulitsa magumbagumba kwa mwini golosale wina, n'kukayamba ntchito yocheka matabwa ku Phiri la Dedza. A Lusiyano anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi pamsewu. Ndikamadutsa ankandiitanabe kuti alembi, n'kundiponyera tomato m'chikwama. Ndinkathokoza ndikuyang'ana pansi.

Zonsezi ndinazilemba m'kabuku kanga, tsamba ndi tsamba. Ndinkadzinamiza kuti poti ndalemba, ndaulula. Ndinakaululanso kwa ansembe, ndipo anandiuza kuti ndikauze eni ake. Ndinachita malipiro a mapemphero okha, zinazo ndinazisiya.

Chaka chino, pa holide ya Pasaka, achimwene anabwera kunyumba. Ndinawapeza atakhala pakhonde, zala zawo zokhakhala ndi utomoni wa paini zikugogoda pa bondo, dzanja lina ng'oma ina, linalo ina, mpaka zinakumana. Sankadziwa kuti ndikuwaona. Sindinathenso kupirira. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse, kuyambira kansalu mpaka mtondo.

Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Pomaliza anati, “Zimbale zija ndinaziiwala kale, mlongo wanga. Koma munthu uja ndinamunena pamaso pa anthu. Mawa upite wekha ukamuuze. Ine ndibwera pambuyo pako.”

Ndinawapeza a Lusiyano akuunjika tomato. Anandimvetsera mpaka kumapeto, tomato mmodzi ali m'manja. Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena aseka monga mwa masiku onse. Iwo anangokhala pansi pa dengu.

“Alembi,” anatero, “zaka zitatu ndakhala ndikudzifunsa ngati chiguduli chija ndinaphimbadi. Mpaka ndinafika povomera kuti sindinaphimbe. Bawo ndinasiya chaka chomwecho.”

Achimwene anafika masana. Anapepesa, a Lusiyano anati palibe kanthu, anagwirana chanza. Kenako anayamba kukamba za mvula ndi za mbozi zimene zagwa m'kabichi, ngati anthu amene angokumana pa depoti. Ndinadikira kuti wina atchule za disko, kapena aseke nthabwala yakale. Palibe anatero. Basi itabwera, achimwene anakwera.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mumaopa kutsegula pakamwa, ndimvereni. Chida cha ntchito ya munthu musachigwire musanafunse, ngakhale mtima wanu uli wabwino chotani. Ine ndinawononga chifukwa cha chikondi, koma zinawonongeka ndithu. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, mlandu usanagwere wina. Ndikananena Lachisanu lija madzulo, achimwene akanandikalipira, mwina akanathamangira kukabwereka zimbale kwina, mwina mwayi wa ku Lilongwe ukanapitabe. Koma akanatsala ndi mnzawo, ndipo awiriwo akanapeza poyambira. Manyazi anga ndinkawayesa ulemu, koma anali mantha chabe, ndipo amene anawasenza ndi munthu wosalakwa. Choonadi ndinachinena, inde, ndipo onse awiri anandikhululukira. Koma ndinachinena anthu atazolowera kale kukhala popanda wina ndi mnzake.