Mayiko Atatu m'Zitini za Penti

Ku Tafara m'dziko la Zimbabwe, kuseri kwa kachipinda kamene ankachita lendi, bambo Alufandika ankasunga mayiko atatu m'zitini za penti. Musaseke. Akuluakulu a pa wailesi amayerekeza chitukuko cha mayiko ndi manambala aatali ngati njanji ya ku Beira. Iwo ankayerekeza ndi njere ya chimanga.

Chitini choyamba chinali Malawi, dothi la ku Ntcheu limene bambo awo ananyamula m'kathumba pobwera kudzalima fodya pa famu. Chachiwiri chinali Mozambiki, kwawo kwa malemu akazi awo, mayi Amália. Chachitatu chinali Zimbabwe, dothi la padambo la Tafara nyumba zisanalimeze.

Mvula yoyamba ikagwa ankadzala njere imodziimodzi, popanda fetereza. Ankati dziko lotukuka si limene labereka chaka chino, koma limene lidzaberekabe mdzukulu wako atamera imvi. Zotsatira zake ankazilengeza pokwerera minibasi za kombi, mpaka madalaivala ankathawa galimoto isanadzaze.

Komatu pansi pake panalibe zoseketsa. Anthu atachotsedwa pa famu paja, manda a bambo awo anawalima ndi thirakitala. Kuyambira pamenepo, dzuwa likafika paliwombo, ankaona malemu bambo awowo ataima pakati pa zitini, chipewa kumanja, ngati mlendo wofunsa njira. Ndiye bambo Alufandika analumbira kuti iwo sadzagona pamalo poti mawa pasanduka munda kapena sitolo. Chitini chopambana zaka zitatu zotsatizana, kwawo kwa dothi lakelo ndiko akaikidwe.

Anapambana Malawi. Phesi la chaka chachitatu linatalika moti ndege zopita ku Joni zinkachita kulilambalala. Bambo Alufandika anayamba kulongedza ulendo wa ku Ntcheu, kumene sanapondeko chibadwire, kumene ngakhale galu sadziwa dzina lawo.

Mwana wawo Esinati, wogulitsa tomato pamsika, anawapeza akupinda jekete la kutchalitchi. Anakhala pakhomo, nawauza zimene anabisa zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chilichonse pozula phesi, mizu inkatuluka ndi dothi. Iye ankaona chitini cha Malawi chikuphwa, nkhope ya bambo ake ikuphwa nacho, ndiye ankatapa m'bedi lake la masamba n'kumawonjezeramo.

"Baba, dothi la agogo linatha kalekale. M'menemo muli Tafara yekhayekha, ndi zitosi za nkhuku zanga."

Bambo Alufandika anatuluka, napisa dzanja m'chitinimo mpaka pansi. Anatulutsa kachidutswa ka botolo, chitsekerero cha chakumwa ndi nthenga. Anazifoletsa pa njerwa, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga amene amaima apa masana aja, mwanawe, akufuna chiyani?"

Esinati anati sakudziwa, koma ku Ntcheu palibe amene angadzawonjezere dothi pamanda pawo mvula ikalikokolola.

Jekete linabwerera pa msomali. Loweruka lake awiriwo anapita kumanda a ku Mabvuku, kufupi ndi Tafara, kukaona malo odzagona bambowo, bambo atakumbatira chitini chija ngati khanda, ndipo panjira ponse sanalalikire munthu ngakhale mmodzi.

Mvula ikagwa amadzalabe, koma zitini ziwiri zokha, poti cha Malawi chija chinatsala ku Mabvuku. Mdala wa chipewa uja amabwerabe masana. Akuti masiku ano sayang'ananso zitini. Amaima pafupi ndi bedi la masamba, n'kumayang'ana manja a Esinati.