Mayi Nambala 14

Mng'ono wanga timamutcha Mafunso. Dzinali analitenga ali mwana, chifukwa ukamutuma madzi ankayamba wafunsa kuti ludzulo lakuyamba nthawi yanji. Atakula anakhala nesi zaka khumi ndi zisanu, anthu n'kumamupatsa ulemu. Kenako tsiku lina anangopachika yunifolomu n'kubwerera kusukulu, ali ndi ana awiri, imvi zitayamba kale. Akuti akukaphunzira udokotala.

Tinasangalala kwabasi. Koma titafunsitsa, tinapeza kuti udokotala wakewo ndi wopanda jakisoni, wopanda mpeni. Akuti ndi wa maganizo a anthu odwala matenda a m'thupi: chimene chimachititsa munthu kusiya mankhwala akudziwa kuti amuthandiza, kapena kumasutabe fodya chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Amuna anga anaseka mpaka misozi. "Ndiye kuti alamu akukatenga digiri ya miseche!"

Ine sindinaseke. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuyang'ana ndi diso lina.

Zaka zinayi zathunthu, moyo wake unali umodzimodzi. M'mawa ali kuchipatala, m'kachipinda ka mipando iwiri, kucheza ndi odwala, kamakina kojambulira mawu kali patebulo. Lachinayi lililonse ankapita kwa aphunzitsi omuyang'anira, kukamvetsera limodzi zimene wajambulazo kuti amudzudzule pomwe walakwitsa. Kunyumba ankalemba chibuku chake cha kafukufuku. Loweruka ankabwera kushopu kwanga, poti ine ndine telala, n'kumandithandiza kupinda nsalu. Apa m'pamene ndinaona kuti kafunsidwe kake kasintha. Ali nesi ankangoti, "Mwamwa mankhwala a bipi?" Ine n'kuti eya, nkhani yatha. Tsopano ankati, "Achemwali, masiku ano m'thupi mukumva bwanji?" Akatero n'kungokhala duu, kudikira. Kudikirako kunkandinyansa.

Ndinene zoona, ndinali ndi kanthu kanga kobisa. Mapilisi ankanditopetsa, ndiponso ndikangowaona ndinkakumbukira mayi athu ali pabedi akudwala. Ndiye ndinkawaponya m'chitini cha mabatani, pansi pa tebulo la makina. Kukatsala sabata kuti ndipite kokayezetsa, ndinkamwa mwakhama kuti makina a kuchipatala andichitire umboni wabwino. Palibe ankadziwa, ngakhale amuna anga. Koma Mafunso akangosuzumira pansi pa tebulo kufuna sizasi, ndinkafulumira kumupatsa ndekha.

Kutatsala masiku ochepa kuti akaime pamaso pa akuluakulu omuyesa, anabwera chibuku chija chili m'manja, maso ali psuu ndi kuwerenga.

"Achemwali, aphunzitsi akuti ndikalephera kufotokozera munthu wamba, ndiye kuti sindikuzimvetsa ndekha. Tandimverani."

"Ndiye munthu wambayo ndine? Chabwino, yamba," ndinatero, uku ndikupondaponda makina.

Anafotokoza kuti anacheza ndi amayi makumi atatu odwala bipi, aliyense anamupatsa nambala m'malo mwa dzina. Wa nambala 3 amaiwala. Wa nambala 9 amuna ake amamuletsa. Ine ndinkangovomera, "Mhm." Kenako anafika pa nambala 14. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, wogwira ntchito yamanja. Mapilisi amawabisa kuntchito kwake. Amamwa sabata imodzi yokha, akatsala pang'ono kukayezetsa.

Phazi langa linaima lokha.

"Iwe! Zaka zonsezi umati ukubwera kudzandithandiza, chonsecho ukundifufuza? Wandilemba m'buku kuti anthu osawadziwa akandiseke? Ine amene ndinakubereka kumsana! Anakutuma ndani kutsegula chitini changa cha mabatani?"

Mafunso anatseka buku pang'onopang'ono.

"Chitini chiti, achemwali?"

Ndinafuna kubweza mawu, koma anali atatuluka kale. Iye anagwada, nakoka chitini chija, n'kukhuthulira zonse pansalu ya sukulu imene ndinkadula. Mabatani akuda, abuluu, ndi toyera tambirimbiri topanda mabowo. Anayang'ana timapilisito nthawi yaitali. Ine manyazi anandigwira mpaka m'zala.

"Malamulo athu salola kufufuza m'bale wako," anatero. "Inu mulibemo m'bukumu. Ndacheza ndi amayi makumi atatu, onse anandiuza zoona. M'bale wanga weniweni ndimakhala naye Loweruka lililonse, osadziwa kanthu. Ndiye udokotala wanji umenewu?"

Analira, mayi wamkulu wa ana awiri, atagwada pakati pa zidutswa za nsalu. Ine ndinali nditakonzeka kukangana, osati zimenezi. Ndinamuuza kuti adzuke, makasitomala angamuone. Anapukuta m'maso n'kunena kuti iye sangakhale dokotala wanga, koma Lolemba andiperekeza kwa mnzake, ndipo ndikanene ndekha ndi pakamwa panga.

Ndinavomera ndi mutu. Komabe kanthu kamodzi kankandivuta mumtima.

"Nanga mnzanga wa nambala 14 uja, pano akumwa?"

Mafunso anayang'ana manja anga, ali pamakina.

"Akumwa, achemwali, tsiku lililonse. Amamumwetsa ndi mwana wake, poti dzanja lamanja linafa chaka chatha, bipi itamugwetsa."