Mano a Matayala a Bambo Mkokomo

Zoti mlamu wawo ndiye anasenga mano a matayala a pikapu ya a Mkokomo ndi chikwanje, n'zabodza. Nkhaniyo anaiyambitsa ndi a Mkokomo eni ake, ndipo anthu mwangoimeza osatafuna. Mlamuyo mukumudziwa nonse: munthu woti nzimbe imodzi amasenda mopumira, angasenge matayala anayi?

A Mkokomo ndi dalaivala. Pikapu imene ankayendetsayo si yawo, ndi ya apongozi awo aamuna, mdala wa munda wa mbatata kuseri kwa dambo. Mvula ikagwa, njira ya kumundako imasanduka matope okhaokha. N'chifukwa chake mdalayo anagula matayala a matope, aja a mano akuluakulu ngati zibakera, n'kupereka makiyi kwa mkamwini, mwana wake womubereka yekha, mlamu uja, akuyang'ana. Anangoti, "Tsiku limene mbatata zanga zidzagone kumunda chifukwa cha matope, makiyiwa adzasintha thumba."

Tsoka lake, a Mkokomo anakonda matayalawo kuposa ntchito imene anagulidwira. Tayala la matope likaponda phula limalira, wuuuu, ngati ndege yosowa potera. Anthu ena phokoso limenelo limawawangitsa mutu, koma iwo linawapatsa dzina. Akamachokera kumsika, agalu ankayamba kuuwa galimoto isanakhote n'komwe pa sitolo ya simenti, ndipo akazi awo ankadziwa kuti nthawi yotereka madzi osamba yakwana. Wailesi ya m'galimoto anaizula, ati inkasokoneza nyimbo. Ngakhale kukagula machesi ankapita pa pikapu, kudzera njira yozungulira, kuti ndi a kutsidya omwe amveko.

Kusamala ankasamala, pamenepo tisawanamizire. M'mawa uliwonse ankakhala pa kampando, burashi kumanja, polishi wa nsapato kumanzere, n'kumapukuta m'mbali mwa matayala mpaka nkhuku zinkadziyang'anirapo. Koma mimba ya a Mkokomo silola kuwerama. Chimene ankaona ndi mano a m'mbali okha, amene sagunda pansi. Chithaphwi akachiona kutsogolo ankachizungulira ngati muli ng'ona.

Tsiku lina womata matayala wa pafupi ndi depoti anawaimitsa.

"Achimwene, phula akukudyerani katunduyu. Mwawapopa ngati mpira, ndiye akuyendera pakati pokha. Tiphwetseko mpweya, ndipo tiwasinthanitse, akutsogolowa apite kumbuyo."

"Kusinthanitsa? Akutsogolowa ndiye oimba bwino. Simukumva mmene mawu akukulira?"

"Akukula chifukwa akutha mosalingana, dzino lina lalitali, lina lalifupi. Si kuimba kumeneko, n'kubuula."

"Aphiri a machubu inu, matani zigamba zanuzo. Za nyimbo tisiyireni ife."

Atachoka pamenepo anakawonjezera mpweya pomwetsera mafuta, ati tayala lokhuta limaoneka laulemu.

Zaka ziwiri mwayi unawakondera, chifukwa mbatata zinkakumbidwa nthaka itauma. Chaka chachitatu phokoso linayamba kuchepa. Agalu anasiya kuuwa. Madzulo ena akazi awo anadzidzimuka kuwaona ali kale pakhomo.

"Bambo a kuno, masiku ano mukumangotulukira ngati wakuba. Galimoto yadwala?"

"Yakhwima, mayi. Munthu akakula salongolola."

Kenako mvula inabwera isanaitanidwe, mbatata zitaunjikidwa kumunda. Apongozi analowa kutsogolo ndi ambulera yawo, mlamu n'kukwera kumbuyo ndi matumba. A Mkokomo mtima unkawawa poganiza za polishi wa m'mawawo, koma anadzilimbitsa: lero mdala aone yekha kuti makiyi sanalakwe thumba.

"Bambo, gwirani bwino chitseko," anatero posiya phula. "Apa ndiye pakwawo pa matayala amenewa."

Matope oyamba sanali matope oti n'kuwatchula. Mbuzi inali itangodutsapo osadetsa mawondo. Pikapu inalowa, n'kuima. Matayala ankazungulira, galimoto ili pomwepo. A Mkokomo anaponda mafuta. Kumbuyo kunagwedezeka ngati mayi wovina, matope n'kuwaza mlamu kumaso.

"Ikani giya yamphamvu," anatero apongozi.

"Ndaika kale, bambo."

"Nanga iyi ndiye mphamvuyo?"

Mlamu anagogoda padenga. "Alamu! Nditsike ndikankhe, kapena ndiitane mbuzi ija itikoke?"

A Mkokomo anayesa chobwerera, anayesa chakutsogolo, anakhotetsa chiwongolero uku ndi uku, thukuta kamukamu. Pikapu inangotsetsereka cham'mbali n'kukakhazika thako mu ngalande, mwaulemu, ngati mlendo amene wapatsidwa mpando.

Mdala anatsika, n'kutambasula ambulera. Iye mimba alibe, choncho anawerama bwinobwino. Anaona mano a m'mbali ali gwa, onenepa, akunyezimira. Ndiye anapisa dzanja pamwamba pa tayala, n'kusisita pakati. Anasisitanso. Anapita pa lachiwiri, pa lachitatu, pa lachinayi. Ataweramuka anavula chipewa, n'kusisita dazi lake pang'onopang'ono.

"Chimodzimodzi," anatero.

"Bambo, m'mawa anali ndi mano onse. Pali munthu wachita chipongwe."

"M'mawa wa chaka chiti, mwananga?"

A Mkokomo anafuna kuwerama kuti adzionere okha, koma mimba inakana ngati masiku onse. Anachita kugwada m'matope, mawondo onse awiri, atavala thalauza loyera. Pakati pa tayala panali see, posalala ngati pansi pa mbale.

Mdala sanakalipe. Anangotambasula dzanja, chikhatho kumwamba, n'kudikira. Mvula inkagwera m'chikhathomo. A Mkokomo anayang'ana kumwamba, anayang'ana mlamu amene ankadzipukuta kumaso akuseka ndi mano onse, kenako anazula makiyi.

Pikapu inatulutsidwa mawa lake ndi thalakitala ya eni munda woyandikana nawo, ndipo mbatata zinagona kumunda masiku atatu. Lero woyendetsa ndi mlamu. Mdala anamuikira matayala atsopano, ndipo womata uja amawasinthanitsa nthawi yake ikakwana. A Mkokomo amakwera kumbuyo ndi matumba, ndipo galimoto ikangoima amafotokozera aliyense za chikwanje, mpaka kuonetsa ndi manja kutalika kwake.

Zoona zake n'zakuti matayala a matopewo anathera pa phula, a Mkokomo akumvetsera nyimbo.