Abambo aulula za mwana wa ku Mozambiki

Mwaswera bwanji abale anga nonse.

Masana ano kuno ku Kawale timaonera filimu yoseketsa ya Chipwitikizi, ya msilikali wothawa nkhondo yemwe akufunsira mayi wogulitsa buledi. Ife timangoseka zochitikazo, koma Abambo amaseka mawu enieniwo, n'kumatimasulira osaphonya.

Amayi anafunsa, "Kodi Chipwitikizi chofunsira mbetachi munachiphunzira polondera njanji ku Mozambiki kuja?"

Abambo anazimitsa TV. Kenako anati, "Ndili msilikali ku Mozambiki ndinasiyako mwana wamkazi. Dzina lake ndi Luiza."

Amayi sanakalipe. Anangoti, "Ndiye zaka zonsezi mwana wakula osadziwa abale ake?"

Ine ndatsimikiza mtima. Luiza ndi magazi athu, ndipo ndipita kukamufunafuna. Achimwene a ku Biwi, mundiperekeza? Enanu mukuti bwanji?